Chilembo cha B pa mafilimu a akauboyi sichinena kuti ndi oipa

Anthu ambiri amaganiza kuti mafilimu akale a akauboyi ankatchedwa B chifukwa anali osalongosoka. Ayi ndithu. Chilembocho chinkangosonyeza malo a filimu pa ndandanda. M'zaka za m'ma 1930 ndalama zitasowa ku America, nyumba zoonetsera kanema zinayamba kuonetsa mafilimu awiri pa tikiti imodzi: yaikulu, A, ndi inzake yaifupi, B, yotha pafupifupi ola limodzi.

Filimu ya A, mwini holo ankagawana ndalama zapakhomo ndi kampani yopanga filimuyo. Ya B ankailipira mtengo wokhazikika, choncho makampani monga Monogram ndi Republic ankapindula pokhapokha akachepetsa zowononga. Ankajambula kwa sabata imodzi yokha, kawirikawiri ku famu yojambulirako mafilimu ya Iverson Ranch kufupi ndi Los Angeles, kapena ku tauni ya Lone Pine ku California. Usiku ankaujambula masana atachepetsa kuwala kolowa m'kamera. Zithunzi za akavalo othamanga ankazibwereka m'mafilimu akale, n'chifukwa chake wosewera ankavala zovala zofanana ndi za m'filimu yakaleyo kuti zigwirizane. Akalakwitsa, chipewa kapena kavalo amasintha mwadzidzidzi.

Luso linalipo lochuluka. Kamenyedwe ka zibakera zophonya dala koma zooneka zenizeni, Yakima Canutt, katswiri wosewera mbali zoopsa, ndi wosewera wotchuka John Wayne anakanola m'mafilimu otchipa omwewa.