Mwalumbira unzika wa America, koma maofesi sanamve

Munthu akangomaliza kulumbira pa mwambo wa unzika ku United States, amakhala nzika pompopompo. Koma makompyuta a maofesi ambiri amapitiriza kumudziwa ngati mlendo wa Green Card, chiphaso cholola mlendo kukhazikika m'dzikolo, ndipo sasintha okha. Bungwe la USCIS, lomwe limapereka unzikawo, siliyenda khomo ndi khomo kukauza a malaisensi, a banki, abwana anu kapena a zisankho. Ntchito imeneyo ndi yanu. Pa ntchito yanga yolangiza anthu za malamulo olowera ndi kukhala m'dziko, ndimaona kuti mavuto ambiri amabwera chifukwa choyamba ndi zomwe zimayenera kukhala kumapeto.

Zonse zimayambira pa satifiketi yomwe mumalandira pa mwambowo. Iwerengeni musanatuluke m'holo, chisangalalo chisakuphimbeni m'maso. Onani kalembedwe ka dzina, tsiku lobadwa, dziko lomwe munali nzika yake. Ku America amalemba mwezi poyamba kenako tsiku, choncho manambala awiriwo amasinthana mosavuta. Mukapeza cholakwika auzeni ogwira ntchito nthawi yomweyo. Mukachiona mutafika kale kunyumba, mufunika kudzaza fomu ya N-565 n'kudikira. Ngati analakwitsa ndi a USCIS simulipira kanthu. Koma ngati tsiku lobadwa lolakwikalo munalilemba ndinu pa fomu yopemphera unzika n'kulumbira kuti ndi loona, USCIS silingalisinthe. Satifiketi imeneyi musaimate ndi pulasitiki wotenthetsa uja, chifukwa maofesi angaikane. Ijambuleni, musunge chithunzicho pena, yeniyeniyo pena.

Za dzina ndikufuna mumvetse bwino, pakuti apa ndi pomwe anthu amazunzika kwa zaka. Amene anapempha kusintha dzina pofunsira unzika amalumbira pamaso pa woweruza, chifukwa ndi khoti lokha lomwe lili ndi mphamvu imeneyo. Tsikulo amalandiranso chikalata cha khoti chosonyeza dzina lakale ndi latsopano. Chikalatachi n'chofunika ngati satifiketi yomwe, poti ndicho chimalumikiza munthu wa dzulo ndi wa lero. Popanda icho, digiri yanu, chikalata cha ukwati, ndi mapepala a nyumba zimaoneka ngati za munthu wina.

Ofesi yoyamba kupitako ndi ya Social Security, yomwe imapatsa munthu nambala yogwiritsa ntchito pa nkhani za ntchito, msonkho ndi penshoni ya boma. A USCIS amalangiza kudikira masiku osachepera 10 kuchokera tsiku la mwambo, kuti uthenga ukhale utalowa m'makompyuta awo. Nambala yanu sisintha. Chomwe chimasintha ndi zomwe zalembedwa pa nambalayo. Mu 2024 pa fomu yopemphera unzika ya N-400 anaikapo malo opemphera kuti uthenga utumizidwe ku Social Security popanda inu kupitako. Ngakhale munachonga pamenepo, ndimalangiza kuti mutsimikize kuti zinathekadi. Chifukwa chake n'chakuti maofesi ena amadalira kaundula ameneyu. Olemba ntchito amene amagwiritsa ntchito E-Verify, njira ya pa kompyuta yotsimikizira kuti munthu ndi wololedwa kugwira ntchito, amafunsa kumeneko, ndipo kaundula akamati sindinu nzika pomwe inu mwalemba kuti ndinu nzika, ntchito yatsopano imayamba ndi mafunso. A msonkho a IRS nawonso amayerekeza dzina lomwe mwalemba pa fomu ndi lomwe lili ku Social Security. Zikasiyana, ndalama zomwe amayenera kukubwezerani zimachedwa.

Kenako laisensi yoyendetsera galimoto. Izi zili m'manja mwa boma la dera lomwe mukukhala, choncho malamulo a Texas si a New York. Pitani ndi satifiketi, makamaka ngati dzina lasintha. Kuyambira pa 7 May 2025, wokwera ndege mkati mwa dzikolo amafunika laisensi ya REAL ID, yomwe imatsatira malamulo a chitetezo a boma lalikulu, kapena chiphaso china chovomerezeka monga pasipoti, ndiye ulendo umodzi womwewo ukhoza kukonza zonse ziwiri.

Pasipoti ndaiika pambuyo pa ziwirizi dala. Pofunsira pasipoti yoyamba mumadzaza fomu ya DS-11, n'kukaonekera nokha pamalo olandirira mafomu, kawirikawiri ku positi ofesi. Kumeneko amatenga satifiketi yanu yeniyeni, osati fotokope yokha, ndipo imabwerera pa positi payokha, mwina tsiku losiyana ndi pasipoti. Masabata amenewo mumakhala mulibe umboni weniweni wa unzika m'manja. N'chifukwa chake ndi bwino kumaliza kaye maofesi omwe akufuna kuiona.

Komabe musazengereze. Green Card munaipereka pa mwambo paja, ndipo lamulo limafuna kuti nzika ya America ituluke ndi kulowa m'dzikolo ndi pasipoti ya America, ngakhale ili ndi pasipoti ya dziko lina. Musagule tikiti ya ulendo wakunja wa sabata yotsatira mwambo. Zikavuta, monga maliro kwanu, pali maofesi a pasipoti omwe amathandiza mwachangu anthu omwe anyamuka pasanathe masiku 14. Pasipoti ya munthu wa zaka 16 kupita m'tsogolo imagwira ntchito zaka 10, ya mwana wosafika pamenepo zaka 5.

Kulembetsa m'kaundula wa ovota n'kosavuta, ndipo nthawi zambiri mafomu amapezeka pa mwambo pomwepo. Chenjezo ndi limodzi: tsiku lowerengedwa ndi la lumbiro, osati lomwe munakhoza mayeso. Kulembetsa musanalumbire ndi mlandu waukulu. Banki, inshuwalansi, penshoni ndi kuntchito, ingowadziwitsani, makamaka dzina likasintha.

Chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi nkhani ya ana. Malinga ndi lamulo la Child Citizenship Act la mu 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 27 February 2001, mwana wosakwana zaka 18, yemwe ali ndi Green Card ndipo akukhala ku America m'manja mwa kholo lomwe lakhala nzika, nayenso amakhala nzika tsiku lomwelo. Salumbira, salemba mayeso, koma salandiranso pepala lililonse pokhapokha makolo atalipempha. Mwanayo amakula, makolo amamwalira kapena kusiyana, ndipo pa zaka 30 amafunika kutsimikizira kuti ali ndi zaka 12 ankakhala ndi ndani. Malipoti a sukulu ndi a kuchipatala a nthawi imeneyo amakhala atasowa. Mutengereni pasipoti tsopano, ndipo ngati mungakwanitse, pemphaninso satifiketi yake pa fomu ya N-600. Pasipoti imatha, satifiketi siitha.

Amene munapempha kale pa fomu ya I-130 kuti mkazi, mwamuna kapena mwana wanu aloledwe kukhazikika ku America mukadali ndi Green Card, dziwitsani USCIS kapena National Visa Center, komwe kuli fayiloyo, kuti tsopano ndinu nzika. Mkazi kapena mwamuna wa nzika, ndi ana osakwatira osakwana zaka 21, sadikira pa mzere wa ma visa. Koma apa pali msampha. Ana omwe analembedwa pansi pa pempho la mayi awo samatsatiranso okha pempholo likasinthidwa kukhala la nzika. Aliyense amafunika I-130 yakeyake.

Dziko lomwe munabadwira nalo lili ndi mawu ake. America sikukakamizani kutaya pasipoti yakale, koma mayiko ena, monga India, China ndi Japan, salola kuti munthu wotenga unzika wina mwa kufuna kwake asunge wawo. India imafuna kuti pasipoti yake ibwezedwe kuti aifafanize. Funsani ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu musanagwiritsenso ntchito pasipoti yakaleyo, ndipo funsaninso ngati malo, cholowa kapena penshoni yomwe muli nayo kumeneko ikukhudzidwa.