Mudzi wa Maina Awiri pa Chitunda cha Latrun

Pakati pa Tel Aviv ndi Jerusalem, moyang'anizana ndi nyumba ya amonke ya ku Latrun, pali mudzi waung'ono wokhala ndi maina awiri. Ayuda amati Neve Shalom, Aluya amati Wahat al-Salam. Onsewo akunena chinthu chimodzi, malo a mtendere, mawu ochokera pa Yesaya 32:18. Alendo ambiri amapitako akuganiza kuti akapeza anthu osadziwa mkangano. Mbiri ya mudziwu ikusonyeza zina.

Adauyambitsa ndi Bruno Hussar, wobadwira ku Egypt mu 1911 kwa makolo achiyuda. Adaphunzira zauinjiniya ku France, adalowa Chikatolika, nakhala wansembe wa chipani cha Dominican. Mu 1970 amonke a ku Latrun adamubwereketsa malo pamtengo wongoyerekeza. Chidali chitunda cha miyala ndi minga, chopanda madzi, magetsi ngakhale msewu. Kuyambira 1949 mpaka nkhondo ya 1967 deralo lidali malo opanda mwini pakati pa asilikali a Israel ndi a Jordan, kotero palibe adalimapo.

Bambo Bruno ankalota za mudzi wa Ayuda, Akhristu ndi Asilamu opemphera moyandikana. Koma mabanja amene adayamba kukhazikika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 sadabwere ndi nkhani ya chipembedzo. Chidawatengera kumeneko ndi nkhani ya dziko: Ayuda mbali ino, mbali inayo Aluya achipalestina omwe ndi nzika za Israel. Adagwirizana kuti mabanja a mbali ziwirizi azikhala ofanana chiwerengero, ndipo pambuyo pake adatsegula sukulu ya pulaimale yophunzitsa m'Chihebri ndi m'Chiarabu.

Chomwe chidatchukitsa mudziwu ndi School for Peace (Sukulu ya Mtendere), yokonza misonkhano yokumanitsa Ayuda ndi Aluya, yomwe idayamba mu 1979. Poyamba ankatsata ganizo lomwe katswiri wa ku America, Gordon Allport, adatchuka nalo mu 1954, loti magulu odana akamakumana ndi kudziwana, chidani chimachepa. Achinyamata a mbali ziwirizi ankabwera, kudya mbale imodzi, kusewera, kupatsana maadiresi. Achiyuda ankabwerera kwao mtima uli mbee, akuti apeza anzawo. Achiluya ambiri ankabwerera ali okhumudwa, chifukwa za malo omwe adalandidwa makolo awo, za midzi yomwe idafafanizika mu 1948 pomwe Apalestina pafupifupi 700,000 adathawa kapena kuthamangitsidwa, sizidatchulidwe n'komwe. Kuzitchula kukadaononga phwando.

Otsogolera sukuluyi, monga Nava Sonnenschein ndi Rabah Halabi, adasintha njira. Adati m'chipinda cha msonkhano simukumana anthu wamba chabe, mukukumana mitundu iwiri, wina wamphamvu wina wochepekedwa, ndipo zomwe zili kunja zimalowa nawo pakhomo. Gulu lililonse lidayamba kukhala ndi otsogolera awiri, Myuda ndi Mluya, ofanana udindo. Nthawi zina gululo limagawikana, aliyense kukakambirana ndi a mtundu wake m'chilankhulo chake, kenaka n'kubwererana. Ntchito ya wotsogolera si kuzimitsa moto ukabuka. Iye amangouza gulu zomwe akuona: ndani akulankhula kwambiri, ndani wangoti chete, ndani akusankha nkhani yoti ikambidwe.

Adaona kuti misonkhano imayenda mofanana nthawi zambiri. Imayamba ndi ulemu wambiri ndi kusekererana. Kenaka Aluya amalimba mtima n'kuyamba kutulutsa zakukhosi. Ayuda, omwe ambiri amadziona ngati anthu omvetsa ndi okonda mtendere, amakwiya poona kuti akuikidwa m'gulu la opondereza, ndipo amayesa kubweza zinthu mwakale. Pamafika poti palibe akumva mnzake. Kukambirana kwenikweni, ngati kungabwere, kumabwera pambuyo pa apa.

Nkhani ya chilankhulo ndiyo imandigwira mtima kwambiri. Aluya a mu Israel, omwe ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse, ambiri amadziwa Chihebri chifukwa ndicho cha ku yunivesite ndi kuntchito. Ayuda odziwa Chiarabu ndi ochepa. Ndiye ngakhale lamulo lilole zilankhulo zonse ziwiri, msonkhano umatsetserekera ku Chihebri wokha, popanda woulamula. Mluya akaumirira kulankhula Chiarabu, ena amamva ngati wawatsekera chitseko. Aliyense amene adakhalapo pamsonkhano wa kuntchito pomwe wodziwa chilankhulo cha abwana amapambana mtsutso asanatsegule ndi pakamwa pomwe, akudziwa kulemera kwake.

Pachifukwa ichi sukuluyi imaphunzitsanso anthu apantchito: maloya, aphunzitsi, atolankhani, azaumoyo, okonza mapulani a mizinda. M'zipatala za mu Israel madokotala, anamwino ndi ogawa mankhwala achiluya ndi ambiri, ndipo amagwira ntchito phewa ndi phewa ndi Ayuda. Chizolowezi cha malo otere n'chakuti ndale zizitsala pageti. Zimathandiza masiku abata. Nkhondo ikaulika, chete uja amasanduka kukayikirana, ndipo kawirikawiri wouzidwa kuti atseke pakamwa amakhala wa mbali yochepa mphamvu.

Mudziwo udayesedwa ndi maphunziro ake omwe mu 1997. Pa 4 February ndege ziwiri za helikopita zonyamula asilikali a Israel kupita kummwera kwa Lebanon zidaombana m'mlengalenga, ndipo asilikali 73 adafa. Mmodzi adali mwana wa m'mudzimo, yemwe adakulira pamodzi ndi ana achiluya. Maliro adalira onse. Mkangano udabuka pomwe kudabwera ganizo lomuikira chikumbutso. Kwa makolo ake adali mwana wao. Kwa Aluya ena oyandikana nawo, omwe adamuona akukula ndipo ankamukonda, adalinso msilikali wopita ku nkhondo m'dziko la Aluya anzawo, ndipo sankafuna kuti mudzi wa mtendere ulemekeze yunifomu. Adakangana kwa nthawi yaitali. Pomaliza adaika chikwangwani pabwalo la basketball, chomutchula kuti mwana wa mtendere amene adafa pa nkhondo.