Bwalo la Westmount Square ndi denga la masitolo

Munthu akaima pabwalo la Westmount Square, mumzinda wa Westmount pachilumba cha Montreal ku Canada, amaona nyumba zitatu zakuda, iliyonse ya nsanjika zoposa 20, ndi ina yaifupi pambali. Pakati pa nyumbazi ndi poyera mbee, popanda sitolo kapena chikwangwani cha malonda. Koma pansi pomwe wapondapo pali makonde a masitolo, ndipo anthu akugula ndi kudya m'menemo. Kwa ife a ntchito ya zomangamanga, bwalo limenelo ndi denga, ndipo ubwino ndi mavuto a malo onsewa zimayambira pamenepo.

Malowa anatsegulidwa mu 1967, chaka chomwe Montreal inachititsa chionetsero cha Expo 67. Mapulani ake anajambula ndi a Ludwig Mies van der Rohe, omwe anabadwira ku Aachen ku Germany mu 1886. Iwo ndiwo anali mkulu womaliza wa Bauhaus, sukulu ya zaluso ndi zomangamanga ya ku Germany, mpaka pamene inatsekedwa mu 1933 chifukwa cha ulamuliro wa chipani cha Nazi. Kenako anasamukira ku Chicago, komwe anamwalirira mu 1969. Mwa nyumba zitatu zazitalizo, ziwiri ndi zokhalamo anthu, imodzi ndi ya maofesi, koma kunja kwake zimaoneka ngati za bere limodzi.

Chimene chimatheketsa maonekedwe amenewa ndi chakuti khoma lakunja silisenza katundu. Kulemera kwa nyumba kumatsikira m'nsanamira, ndipo galasi ndi aluminiyamu wakuda zimangokolekedwa kunja kuti zitchinge mphepo ndi mvula. Pansi penipeni pa nyumba iliyonse makoma agalasi analowa mkati, nsanamira n'kutsala panja, moti maso amadutsa kuchokera mbali ina ya bwalo kukafika mbali inayo. A Mies anachita zomwezi pa nyumba za ku Lake Shore Drive ku Chicago mu 1951 komanso pa Seagram Building ku New York mu 1958. Mutaika sitolo ya nsapato pamenepo, ndi zikwangwani zake ndi makatoni ake, ganizo lonse latha. Masitolo anayenera kupita kwina, ndiye anatsikira pansi.

Si kukongola kokha kumene kunawatsitsa. M'nyengo yozizira ku Montreal kumafika madigiri -10 mwinanso -20, ndipo misewu imakutidwa ndi chipale chofewa kwa miyezi. Nyumba ya maofesi ndi masitolo ya Place Ville Marie ku Montreal komweko, yomwe inatsegulidwa mu 1962, inali itasonyeza kale kuti anthu amakonda kugula pamalo ofunda a pansi pa nthaka. Sitima za pansi pa nthaka zinayamba kuyenda mu 1966, ndipo Westmount Square inalumikizidwa ndi siteshoni ya Atwater kudzera m'njira yapansi. Mwini sitolo amalipira lendi potengera kuchuluka kwa anthu odutsa pakhomo pake. Apa amadutsa amitundu itatu: ogwira ntchito m'maofesi masana, okhala m'nyumbamo madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ndi okwera sitima. Malo a maofesi okhaokha amafa ikangokwana nthawi yoweruka. Kusakaniza maofesi ndi nyumba zogona ndi kumene kumadyetsa masitolowo, ndipo ndimaona kuti iyi ndiyo nzeru yaikulu ya pulani yonse, kuposa mtundu wa galasi womwe anthu amakonda kujambula.

Ntchito yolemera ili pa denga lija. Denga wamba limapendekeka ndipo palibe amene amayendapo. Ili ndi lafulati, pamayenda anthu tsiku lonse, ndipo pamagwa chipale. Pansi pa miyala ya bwalo pamayalidwa chinsalu chotchinga madzi, pansi pake n'kubwera konkire. Madzi akalowa m'mng'alu n'kuundana amafufuma, mng'aluwo n'kukula, chaka ndi chaka. Mchere womwe amawaza kuti chipale chisungunuke umalowa nawo limodzi, ukafika pa zitsulo za m'kati mwa konkire umazichititsa dzimbiri, dzimbiriyo n'kuyamba kuphulitsa konkire kuchokera mkati. Chovuta kwambiri n'chakuti madzi sadontha pomwe alowera. Amayenda pansi pa miyala mtunda ndithu asanaonekere pa siling'i ya sitolo ina, moti kupeza bowo kumafuna kusasula bwalo lalikulu. Chinsalucho chili ndi zaka zake, sichikhala mpaka kale, ndipo eni nyumba zamtunduwu kulikonse ayenera kuyamba kusunga ndalama zochisinthira chikadali chatsopano.

Palinso mpweya. Pansi pa nthaka palibe zenera lotsegula, choncho mpweya wabwino umakankhidwa ndi makina, ndipo fungo la m'malo odyera liyenera kutulutsidwa kutali ndi mazenera a anthu ogona pamwamba. Moto ukabuka, choopsa choyamba ndi utsi, umene umafunafuna pokwera: masitepe ndi mabowo a zikepe. N'chifukwa chake pakati pa masitolo ndi nyumba zazitali pamaikidwa zitseko zosagwira moto msanga ndi mafani okoka utsi, ndipo anthu a pansi amakhala ndi njira zawozawo zothawira. Za mapaipi sindichulukitsa. Ofesi imasonkhanitsa zimbudzi pakati pa nyumba, pomwe nyumba yogona imafuna khitchini ndi bafa pakhomo lililonse, ndiye ngakhale kunja kufanane, m'kati ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Otsutsa kamangidwe kameneka amati kamalanda msewu anthu ake, ndipo ali ndi mfundo. Anthu onse akatsikira pansi, bwalo lapamwamba limatsala la mphepo yokha, ndipo woyenda m'makonde opanda dzuwa sachedwa kusokonekera kuti kum'mawa n'kuti. Patapita zaka zoposa 20, pabwalo la Westmount Square anabowola malo oikapo magalasi olowetsa kuwala kumasitolo. Oteteza nyumba zakale anadandaula kuti aononga ntchito ya a Mies. Ndimawamvetsa, chifukwa bwalo loyeralo ndiye linali mtima wa pulaniyo. Komabe wogulitsa amene amakhala m'menemo kuyambira m'mawa mpaka madzulo amafunika kuona kuwala kwa dzuwa, ndipo pa mfundo imeneyi ine ndili mbali yake. Chimene ndingaonjezere monga wa ntchitoyi n'chakuti galasi lililonse lotere ndi bowo latsopano m'chinsalu chotchinga madzi, ndipo m'mphepete mwake muyenera kuyenderedwa chaka chilichonse nyengo yozizira isanayambe.