Armenia: dziko lomwe limawerenga akufa ndi obadwa pamodzi

Mumzinda wa Yerevan, likulu la Armenia, muli madera okhala anthu omwe mayina ake ndi a matauni a kutsidya kwa malire, m'dziko la Turkey: Arabkir, Malatia, Sebastia, Zeytun, Marash. Anatcha mayinawa ndi anthu omwe anapulumuka imfa mu 1915, pamene ankadzimangira nyumba pamalo amiyala kunja kwa mzindawo. Dera la Arabkir, mwachitsanzo, linayamba mu 1925, ndipo oyamba kukhomako zikhomo anali ochokera ku tauni ya Arapgir. Kwawo kunalibenso kobwerera, choncho ananyamula dzina. Zidzukulutudzi zawo lero zimakwera basi kupita kuntchito kuchokera m'madera omwewa, ndipo mwana akabadwa kumeneko makolo amakalembetsa kuti alandire ndalama ya boma. Maliro a zaka zoposa 100 zapitazo ndi ndalama ya mwana wakhanda zingaoneke ngati nkhani zosiyana, koma ku Armenia zonsezi zimachokera pa mantha amodzi, oti mtundu ukhoza kutha.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse isanayambe, Aarmenia ambiri sankakhala m'kadziko kamene tikukaona pa mapu lero. Ankakhala mu ufumu wa Ottoman, makamaka chakum'mawa kwa dziko lomwe tsopano ndi Turkey, ali Akhristu pansi pa ulamuliro wa Asilamu. Ufumuwo utalowa nkhondo kumbali ya Germany, akuluakulu a chipani cholamula, motsogozedwa ndi nduna ya zam'dziko Talaat Pasha, anayamba kuwaloza chala kuti ndi akapirikoni a Russia. Pa 24 Epulo 1915 apolisi ku Constantinople, komwe pano ndi Istanbul, anagwira atsogoleri a Aarmenia oposa 200: alembi, madokotala, ansembe, atolankhani, aphungu. Ochuluka a iwo sanaonekenso. Mmodzi mwa ochepa omwe anamasulidwa anali wansembe Komitas, katswiri wosonkhanitsa nyimbo za m'midzi. Anabwerera ali moyo koma mutu unasokonekera, ndipo anamwalira mu 1935 ku France atakhala zaka zambiri m'chipatala cha amisala.

M'zigawo, amuna ankawapatula n'kukawaphera kunja kwa mudzi. Amayi, ana ndi nkhalamba ankawayendetsa wapansi milungu ndi milungu kulowera kuchipululu cha Syria, ku Deir ez-Zor, opanda madzi kapena chakudya chokwanira. Atsikana ndi ana ambiri anatengedwa n'kukalowetsedwa m'mabanja ena, n'kusinthidwa mayina ndi chipembedzo. Aarmenia amati anafa anthu 1.5 miliyoni. Boma la Turkey limavomera kuti anthu ambiri anafadi, koma limati anafa ndi nkhondo, njala ndi matenda monga anaferanso Asilamu ambirimbiri, ndipo limakana kuti panali chikonzero chopulula mtundu. Akatswiri ambiri a mbiri kunja kwa Turkey sagwirizana nalo. Dziko loyamba kuvomereza mwalamulo kuti uku kunali kupulula mtundu linali Uruguay mu 1965. France inatero mu 2001, Nyumba ya Malamulo ya Germany mu 2016, ndipo Pulezidenti Joe Biden wa America anatchula poyera mu 2021.

Chomwe chimaiwalika kawirikawiri nkhaniyi ikamakambidwa kunja ndi chakuti otsalawo ambiri anali ana. Mumzinda wa Alexandropol, womwe lero ndi Gyumri, bungwe la ku America la Near East Relief linkasunga ana amasiye oposa 20,000 m'nyumba zomwe kale zinali za asilikali a Russia, mpaka malowo anatchuka kuti mzinda wa ana amasiye. Ena sankadziwa dzina la bambo awo, ena ngakhale tsiku lobadwa. Atakula ankakwatirana okhaokha, n'kumatcha ana awo mayina a abale omwe anatsala panjira ya kuchipululu. Mabanja ambiri a ku Armenia akamalondola mtundu wawo amakathera pa agogo otere, kuseri kwake kulibe china. Kwa anthu amenewo kubereka inali njira yobwezeretsa chiwerengero.

Armenia italowa pansi pa ulamuliro wa Chisovieti kumapeto kwa 1920, nkhani ya 1915 inakhala yonong'onezana m'nyumba. Moscow sinkafuna zokweza mtundu umodzi, komanso sinkafuna kuputa Turkey. Panadutsa zaka zoposa 40 popanda chipilala kapena tsiku lachikumbutso. Zinasintha pa 24 Epulo 1965, patatha zaka 50 chichitikireni. Akuluakulu a chipani anakonza mwambo wa oitanidwa okha m'nyumba ya zisudzo, koma kunja kunasonkhana khamu la anthu pafupifupi 100,000, ambiri ophunzira, akufuula kuti akufuna malo a makolo awo. Zionetsero zosaloledwa za msinkhu umenewu zinali zosamveka mu Soviet Union. Madzulo ake anawabalalitsa ndi madzi a ozimitsa moto, koma chipilala chinamangidwa ndithu, ndipo chinatsegulidwa mu Novembala 1967 pa phiri la Tsitsernakaberd.

Chipilalacho ndi chosavuta kuchifotokoza. Pali mwala wosongoka wotalika mamita 44, wong'ambika pawiri kuchokera pansi. Pambali pake pali miyala ikuluikulu 12 yoima mozungulira, yoweramira mkati, ndipo pakati pake, pamalo otsikirapo ndi masitepe, pamayaka moto wosazima. Munthu potsika masitepewo amawerama mutu ngakhale sanafune. Panjira yolowera pali khoma la mamita 100 lolembedwa mayina a matauni ndi midzi momwe anthu anaphedwa. Nyumba yosungira zakale inawonjezedwa mu 1995.

Chaka chilichonse, usiku wa pa 23 Epulo, achinyamata amayenda ndi miyuni kuchokera pakati pa mzinda kukwera phirilo. Kukacha, pa 24, maofesi ndi masukulu amakhala otseka, ndipo anthu miyandamiyanda amakwera wapansi, aliyense duwa m'manja. Abambo anyamula ana paphewa, amayi akukankha timagaleta ta makanda, nkhalamba zikupumira m'njira. Palibe amene amagawa mabasi kapena zovala za chipani. Munthu amafika pamoto paja, n'kuika duwa lake, n'kupitirira kuti wam'mbuyo apeze malo. Pofika madzulo maluwa amakhala ataunjikana kuzungulira motowo mpaka kutalika ngati khoma. Pakatha masiku angapo anthu odzipereka amabwera kudzawatola: mapesi amapangira manyowa a mitengo ya pamalopo, timasamba ta maluwawo amaumitsa n'kupangira mapepala. Kukacha bwino, ukaima pamenepo umaona phiri la Ararat lili poteropo, loyera ndi chipale, koma lili mkati mwa Turkey, ndipo malire a mayiko awiriwa anatsekedwa mu 1993.

Mu 2015, pokwanitsa zaka 100, Mpingo wa Armenian Apostolic unalengeza ku likulu lake ku Etchmiadzin kuti onse ophedwawo ndi oyera mtima, ndipo mabelu a matchalitchi analira ka 100. Kuyambira pamenepo ansembe sawapemphereranso ngati akufa wamba, amapempha iwo kuti awapempherere amoyo.

Chikumbutso china n'chodyera. Mu 1915 anthu a m'midzi ingapo ya kugombe la nyanja ya Mediterranean anakana kusamutsidwa, anakwera phiri la Musa Dagh n'kulimbana ndi asilikali kwa masiku oposa 50, mpaka sitima zankhondo za France zinawapulumutsa, anthu pafupifupi 4,000. Mbadwa zawo zili ndi mudzi wotchedwa Musaler kufupi ndi Yerevan. Mwezi wa Seputembala uliwonse amatereka miphika ikuluikulu ya harissa, tirigu wophikidwa pamodzi ndi nyama usiku wonse mpaka asanduke ngati phala lolimba. Amuna amasinthana mthiko mpaka mbandakucha, ng'oma ndi zitoliro zikulira, ndipo m'mawa wansembe akadalitsa aliyense wofika amapatsidwa mbale yake.

Tsono chiwerengero. Mu 1990 ku Armenia kunabadwa ana pafupifupi 80,000. Pofika 2001 anatsika kufika cha m'ma 32,000. Pakati pa zaka zimenezi panagwa zambiri. Chivomerezi cha pa 7 Disembala 1988 chinali chitapha kale anthu pafupifupi 25,000 ku Spitak ndi Gyumri. Soviet Union inatha mu 1991, mafakitale n'kutsekedwa. Nkhondo ndi Azerbaijan yolimbirana Nagorno-Karabakh, dera la mkati mwa Azerbaijan momwe munkakhala Aarmenia ambiri, inatseka njira za mafuta ndi gasi, moti m'nyengo yozizira ya 1992 mpaka 1994 magetsi ankayaka ola limodzi kapena awiri patsiku, anthu n'kumadula mitengo ya m'misewu kuti aothe. Anthu masauzande mazanamazana anasamuka. Kalembera wa 2022 anapeza anthu ochepera pang'ono 3 miliyoni, ndipo Aarmenia okhala kunja, ku Russia, America, France, Lebanon ndi kwina, ndi ochuluka kuposa okhala kwawo.

N'chifukwa chake mtsogoleri aliyense amalonjeza anthu, osati misewu yokha. Pulezidenti Serzh Sargsyan mu 2017 anati dzikolo lifike 4 miliyoni pofika 2040. Nduna yaikulu Nikol Pashinyan mu 2020 anakweza, anati 5 miliyoni pofika 2050. Malonjezowa anabwera ndi ndalama. Kuyambira Julaye 2020, mwana woyamba ndi wachiwiri aliyense ankabweretsa ma dram (ndalama za ku Armenia) 300,000 olandira kamodzi, pamene kale wachisamba ankangopatsidwa 50,000. Wachitatu ndi wachinayi anali 1 miliyoni aliyense, wachisanu kupita m'tsogolo 1.5 miliyoni. Kenako, kwa ana obadwa kuyambira Januwale 2022, mwana wachitatu ndi otsatira anayamba kulandira ma dram 50,000 mwezi uliwonse mpaka atakwanitsa zaka 6. Kuti ndalamayi imveke kukula kwake, malipiro ochepetsetsa ovomerezeka mu 2023 anali ma dram 75,000 pamwezi. Kumudzi, komwe ndalama imaoneka pokolola basi, 50,000 yobwera mwezi ndi mwezi si yocheza.

Mayi wapantchito amapatsidwa tchuthi cha masiku 140, theka asanachire, theka atachira, ndipo akabereka mapasa masikuwo amafika 180. Akafuna kulera mwana pakhomo, malo ake a ntchito amasungidwa mpaka mwanayo atakwanitsa zaka 3. Palinso kandalama ka mwezi ndi mwezi ka kulera mwana wosakwana zaka 2, komwe kale kankapita kwa olembedwa ntchito okha, koma mu 2020 kanafikiranso amayi a kumidzi ngakhale sali pantchito. Abambo anawaganizira mochedwa ndiponso mowumira: tchuthi cha masiku 5 okha. Pa zonsezi, chomwe ndimachiona chanzeru kwambiri ndi chakale, cha 2008. Kuchira m'chipatala kunkatchedwa kwaulere, koma aliyense ankadziwa kuti popanda kenakake m'thumba mwa dokotala ndi mzamba zinthu siziyenda. Boma linayamba kupatsa mayi woyembekezera chikalata chomwe amapita nacho kuchipatala chomwe wasankha, chipatalacho n'kukatenga malipiro ku boma. Ndalama inayamba kutsata mayi, ndipo ziphuphu za m'chikuta zinachepa.

Koma kodi ana achuluka? Osati kwenikweni. Kuyambira 2021 mpaka 2023 obadwa ankazungulira pa 36,000 pachaka, ndipo mu 2024 anatsikanso. Ana achitatu akuchulukirapo, zomwe zikusonyeza kuti ndalama ija imalimbitsa mtima banja lomwe linali kale ndi awiri. Siikwatitsa munthu amene alibe nyumba, ndipo siibweza bambo amene amapita ku Russia kukagwira ntchito ya zomangamanga kuyambira chisanu chikatha mpaka chitayambanso. M'midzi ya m'zigawo za Gegharkunik ndi Shirak miyezi imeneyo pakhomo pamatsala amayi, apongozi ndi ana. Komanso amayi a msinkhu wobereka lero ndi aja anabadwa ochepa m'zaka za mdima zija, ndiye ngakhale aliyense atabereka awiri, chiwerengero sichingafike pa cha 1990.

Pali chinanso chomwe Aarmenia eni ake sakonda kuchikamba. Mtundu womwe umalira kuti ndife ochepa unakhala zaka zambiri ukuchotsa mimba za ana aakazi. Makina oonera mwana m'mimba atafala, cha m'ma 2000 pa atsikana 100 alionse pankabadwa anyamata pafupifupi 120, ndipo kusiyanaku kunkakula kwambiri pa mwana wachitatu. Mwana wamwamuna ndiye amasunga dzina, ndiye amatsala pakhomo, ndiye msilikali. Lamulo loletsa kuchotsa mimba chifukwa choti mwanayo ndi wamkazi linabwera mu 2016, ndipo kusiyanako kwachepa, koma atsikana omwe sanabadwe aja ndiwo akanakhala ntchembere za lero.

Nkhondo nayo sinapume. Ya masiku 44 yolimbana ndi Azerbaijan mu 2020 inapha asilikali a Armenia pafupifupi 4,000, ambiri anyamata a zaka 18 mpaka 20 ndi pang'ono. Mu Seputembala 2023 Aarmenia oposa 100,000 anathawa ku Nagorno-Karabakh m'masiku ochepa, mzere wa magalimoto osenza matiresi ndi mapoto ukutsika ku tauni ya Goris ku Armenia. Ambiri poona zimenezo anakumbukira 1915, ndipo boma linapezeka likufunafuna nyumba, sukulu ndi ndalama za lendi za mabanja atsopanowa.

Apa ndi pamene pabuka mkangano wa masiku ano. Pashinyan amanena kuti Aarmenia aike mtima pa dziko lomwe ali nalo m'manja, asiye kulota la makolo lomwe lili kutsidya, chifukwa popanda mtendere ndi malire otseguka achinyamata sadzakhazikika. Mu Marichi 2025 anauza atolankhani a ku Turkey kuti kukakamiza mayiko kuvomereza za 1915 sikuli pakati pa zinthu zoyambirira za boma lake pa ubale ndi mayiko ena, ndipo mu Juni chaka chomwecho anakakumana ndi Pulezidenti Recep Tayyip Erdoğan wa Turkey ku Istanbul. Otsutsa boma, atsogoleri ena a mpingo ndi mabungwe a Aarmenia a kunja, omwe ambiri ndi zidzukulu za ana amasiye aja, anati uku n'kugulitsa mafupa a makolo. Otsatira Pashinyan amayankha kuti amene akukhala ku Los Angeles kapena Marseille satumiza mwana wake kukalondera malire.