Anemone siizulidwa ngati chinangwa

Bambo wina wa ku Kapata anandiimbira m'mawa kuti kaduwa kawo ka m'thanki yamadzi amchere kachoka pamwala, kakamatira pagalasi pafupi ndi pampu. "Ndingokazula, achimwene?" Ndinawapempha kuti azimitse pampuyo, asakhudze kanthu kufikira nditafika.

Anemone si duwa ai. Ndi nyama, pachibale ndi makorali (tinyama ta m'nyanja tomanga matanthwe), ndipo imayenda. Kunsi kwake kuli phazi lofewa ngati lilime, lomwe imagwirira mwala zolimba. Mukaikoka, phazilo limang'ambika, bala limatha kuola, ndipo ikafera m'thanki amoniya (poizoni wochokera m'zowola) amakwera, nsomba n'kutsatira. Kuno ku Chipata, kutali ndi nyanja yamchere, kupeza ina si masewera.

Valani magolovesi, chifukwa timanja take timaluma ngati chitedze pakhungu lofewa. Ikakhala pagalasi ntchito njosavuta: lowetsani nsonga ya chala kapena khadi lakale la ATM m'mphepete mwa phazi, muzilimatula pang'onopang'ono. Mukamva kuti ikukana, imani, pumulani, muyambenso.

Pamwala m'pamene pali nkhani. Phazi limalowa m'ming'alu mosaoneka, ndiye musalimbane nayo, inyengerereni. Ine ndimaika ayisi m'kapepala kapulasitiki n'kugunditsa paphazi, osati pakamwa. Mudzaona m'mphepete mukupindika, kuzizira kwaikwana. Mwinanso lozetsani madzi a pampu kuphaziko, kapena itchingireni kuwala. Imasamuka yokha, ngakhale patapita masiku angapo. Koma mwala ukakhala wonyamulika, bwanji kuvutika? Nyamulani zonse pamodzi m'beseni lamadzi a m'thanki momwemo.

Mukaiika pamalo patsopano, chepetsani mphamvu ya madzi kufikira itagwira, ndipo phimbani pakamwa pa pampu ndi siponji. Anemone yoyandama ikalowa m'menemo imadulidwa nthulinthuli.

Chimandipweteka n'chakuti ambiri amaibwezera pamwala wakale osafunsa chimene yathawa. M'thupi mwake mumakhala ndere zing'onozing'ono zoipangira chakudya kuchokera ku kuwala, choncho nyale ikafooka imanyamuka. Madzi azikhala pa madigiri 25 kapena 26, mchere pa 1.025 pa kachipangizo koyezera mchere m'madzi. Kwa bambo aja tinapeza kuti kutentha kwa Okutobala ndi kuzimazima kwa malaiti kunafikitsa madzi pa 30. Tinaika kafani pamwamba pa thanki, anemone n'kuisiya pagalasi pomwepo, pampu n'kuisunthira mbali ina.