Asilikali a G.I. Joe amene nkhani inawasiya m'mbuyo

Kachidole ka G.I. Joe ka m'zaka za m'ma 1980 kamakwana bwinobwino m'dzanja, kutalika kwake masentimita 9 ndi theka basi. M'chiuno mwake muli kamphira kozungulira kogwiriza miyendo kuthupi, ndipo kamphirako kakatha mphamvu msilikaliyo amangoduka pakati. Kuseri kwa katoni yomwe ankamugulitsiramo kunali kakhadi koti mwana adule ndi sizasi n'kusunga. Pakhadipo ankalembapo dzina lenileni la msilikaliyo, kwawo, udindo wake, ntchito imene anaphunzira, ndi mawu pang'ono onena za khalidwe lake. Mkangano umene okonda G.I. Joe akhala nawo zaka zoposa 40 unayambira pa timakhadi timeneti. Khadi lililonse linkalonjeza munthu wathunthu, koma mabuku a nkhani zazithunzi sanakwaniritse lonjezolo kwa onse.

Kampani ya Hasbro, ya ku Rhode Island m'dziko la America, inatulutsa G.I. Joe woyamba mu 1964. Anali wamkulu, pafupifupi masentimita 30, ndipo anamutchula kuti action figure poopa kuti anyamata angamukane akamva kuti ndi chidole ngati cha atsikana. Malonda ake anazilala m'ma 1970. Pomubweretsanso mu 1982 anamuchepetsa msinkhu potengera zidole za Star Wars zomwe zinali pamoto nthawi imeneyo, ndipo m'malo mwa msilikali mmodzi anapanga gulu.

Apa m'pamene kampani ya mabuku a nkhani zazithunzi ya Marvel Comics inalowerera. Malamulo a nthawiyo ankaletsa kuchulutsa makatuni potsatsa zidole pa TV, koma kutsatsa buku kunalibe choletsa chotero. A Hasbro anaona mpata: atsatse buku, ana aone asilikaliwo akuthamanga ndi kuwombera, kenako akafune zidolezo kusitolo. Choncho buku la G.I. Joe: A Real American Hero linabadwa lili kale ndi ntchito yogulitsa katundu wa eni ake. Ntchito yolilemba, imene olemba ena a ku Marvel anaikana, inagwera Larry Hama, Mmereka wa makolo ochokera ku Japan amene anakhalapo msilikali kuyambira 1969 mpaka 1971 pa nthawi ya nkhondo ya Vietnam. Iye yemweyo ndi amene ankalemba makhadi ambiri aja, ndipo makhalidwe ankawatengera kwa anthu amene ankawadziwa. N'chifukwa chake makhadiwo amamveka ngati akunena za munthu woti ungakumane naye.

Gulu loyamba linali ndi anthu 13. Pofuna kusunga ndalama, kampani inkaumba mitu ya asilikali angapo m'chikombole chimodzi n'kungosintha mtundu wa tsitsi. Hawk, Flash, Short-Fuze ndi Steeler anali a nkhope imodzi. Grunt, Zap ndi Grand Slam chimodzimodzi. Onsewa atavala zobiriwira, wowerenga ankavutika kuwasiyanitsa patsamba. Kusunga ndalama komweko kunapatsa mwayi munthu mmodzi: Snake Eyes anatuluka wakuda yense, pulasitiki yekhayekha wopanda penti ngakhale dontho, nkhope yobisika. Chidole chimene sanachiwonongere penti ndicho chinakopa ana kuposa zonse. Hama anamupatsa mbiri yopweteka, nkhope yopsa ndi mawu otayika pangozi ya helikopita. Mu 1984 buku nambala 21 linatuluka lopanda mawu olankhulidwa ngakhale amodzi, ndipo patsamba lomaliza owerenga anaona chizindikiro chofanana pamkono wa Snake Eyes ndi wa mdani wake Storm Shadow, chizindikiro cha gulu la maninja. Kuchokera pamenepo nkhani ya maninja inayamba kumeza masamba.

Sindikutsutsa kuti buku limenelo ndi laluso. Chondipweteka n'chakuti masamba a buku la mwezi uliwonse anali owerengeka, pomwe a Hasbro ankatulutsa zidole zatsopano chaka ndi chaka, pamodzi ndi akasinja, ndege ndi maboti, zonsezo zofunika kuonekera m'nkhani. Chidole chinkakhala pashelefu pafupifupi zaka ziwiri n'kuchotsedwa. Pofika 1994 zinali zitapitirira 500, kuphatikizapo zobwereza mayina akale. Hama anali pakati pa ofuna kugulitsa zachaka chino ndi owerenga ofuna kumva za anthu amene anawazolowera, ndipo paja amati mapanga awiri avumbwitsa. Buku nambala 11 lokha linabweretsa Doc, Gung-Ho, Snow Job, Airborne ndi Wild Bill nthawi imodzi. Wobwera kumene ankatchulidwa dzina, kuonetsa luso lake kamodzi, basi n'kulowa m'khamu la oima kumbuyo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandisonyeza kuti vuto silinali kwa wolemba. Atengambali amene Hama anawapanga yekha, opanda chidole m'sitolo, anawalemba momasuka kwambiri. Kwinn, msilikali waganyu wa mtundu wa Inuit amene sankaphwanya lonjezo lake ngakhale kwa mdani, analowa m'buku nambala 2 n'kufa m'buku nambala 19, koma anthu amamukumbukirabe kuposa asilikali ambiri amene anali ndi zidole zawo. Nkhani yake inali ndi chiyambi ndi mathero chifukwa panalibe wamalonda wouza wolemba nthawi yomulowetsa kapena yomuchotsa. Ndipo pomwe Marvel inatsegula buku lachiwiri, G.I. Joe: Special Missions, lomwe linayenda kuyambira 1986 mpaka 1989 m'mabuku 28, Hama ankatuma kagulu kochepa ku ntchito imodzi, ndipo ena oiwalika anapumirako mpweya.

Mmodzi amene anatuluka mwaulemu ndi Grunt. M'buku nambala 55 anasiya gulu n'kupita kukaphunzira za uinjiniya ku Georgia Tech. Msilikali wamba kuvula yunifolomu n'kukakhala pa desiki ya sukulu, zimenezo n'zamoyo weniweni, ndipo Hama ankabwererabe kukamuona nthawi zina.

Anzake sizinawayendere choncho. Mu 1991, m'buku nambala 109, gulu la a Joe linagwidwa m'dziko lopeka la Trucial Abysmia. Msilikali wa Cobra, gulu la adani a a Joe, wotchedwa SAW Viper anawombera Doc, Crankcase, Heavy Metal ndi Thunder ali m'dzenje opanda zida. Breaker, Quick Kick ndi Crazylegs anafera m'galimoto yankhondo imene ankathawira. Anthu 7 m'buku limodzi, ndipo onse anali oti zidole zawo zinali zitachoka kale m'masitolo. Okonda bukuli amagawikana pamenepa mpaka lero. Ena amati nkhani ya nkhondo yopanda maliro ndi yabodza, ndipo Hama, amene anaiona nkhondo ndi maso, sakanatha kunamiza ana mpaka kalekale. Ena amati imfazo zinali kusesa m'nyumba, kuchotsa katundu wosagulika.

Ine ndimamva mbali zonse, koma ya Doc imandikhala pamtima. Khadi lake limati dzina lake ndi Carl Greer, wa ku Concord ku Massachusetts, dokotala wophunzira ku Harvard, munthu wakuda wodana ndi chiwawa koma woyenda pakati pa zipolopolo kukatola ovulala. Munthu wotero ali ndi nkhani zosatha: amagona bwanji usiku, amayankha chiyani mnzake akamufunsa chimene akufuna kunkhondo, amatani wovulalayo akakhala mdani. Kwa zaka 8 ankaonekera kawirikawiri pomanga mabala a ena, ndipo tsamba limene anthu amamukumbukira nalo kwambiri ndi limene anafera.

Chakumapeto, kuyambira buku nambala 135, dzina la Snake Eyes linayamba kulembedwa pachikuto m'zilembo zikuluzikulu. Marvel inatseka bukuli mu December 1994 pa nambala 155, ndi kalata yolembedwa ndi Snake Eyes yemweyo. Mu 2010 kampani ya IDW inaitananso Hama kuti apitirize pomwe anasiyira, nafika nambala 300 mu 2022, ndipo Skybound inatola chingwecho mu 2023 pa nambala 301. Tsopano ambiri owerenga ndi akuluakulu amene anadula makhadi aja ali ana, ndipo amapemphabe kuti wakutiwakuti apatsidweko buku lake.

Ine amene ndimamudikirira ndi Short-Fuze, mmodzi wa 13 oyamba aja. Khadi lake limati ndi Eric Freistadt wa ku Chicago, wochokera m'banja la asilikali, bambo ndi agogo ake omwe anali masajeni. Amakonda masamu ozama, ndipo amatha kuwerengetsa pamtima pomwe bomba la mfuti ya mortar likagwere. Sachedwa kupsa mtima, n'chifukwa chake anamutcha dzina limenelo. Zonsezi Hama anazilemba mu 1982 kuseri kwa katoni, pakhadi losakula kuposa chikhatho, ndipo m'mabuku 155 a Marvel mnyamatayu nthawi zambiri amangooneka ataima kumbuyo kwa anzake.