Mtovu wa m'fumbi ndi ubongo wa mwana wokwawa

Makolo ambiri akamva za poizoni amaganiza za mankhwala a makoswe, kapena parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa. Zimenezo n'zoopsa ndithu, koma zimadziwika msanga, chifukwa mwana amasanza ndipo banja limathamangira naye kuchipatala. Pali poizoni wina amene sapereka chizindikiro chotero. Ameneyu ndi mtovu, chitsulo chotuwa, chofewa koma cholemera, chimene chimakhala m'kati mwa batire ya galimoto. Mwana amatha kumameza tizidutswa take tosaoneka ndi maso kwa zaka, uku akusewera bwinobwino, ndipo vuto limadzaonekera atayamba sukulu: kuiwalaiwala, kulephera kukhazikika, kuvutika kuwerenga. Pofika pamenepo anthu amangoti mwanayo ndi wogona m'kalasi.

Ife ogwira ntchito zaumoyo timadandaula kwambiri za ana osapitirira zaka zisanu. Mwana wa msinkhu umenewu amakhala pansi tsiku lonse. Amakwawa, amagwira dothi, kenako chala chimapita m'kamwa, ndipo palibe mayi amene angamuletse zimenezi, popeza ndimo mwana amaphunzirira dziko. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pa mtovu wofanana umene wamezedwa, thupi la mwana limayamwa wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Chifukwa chake n'chakuti matumbo amaulandira ngati kashiamu kapena ayironi, zinthu zimene thupi lokula limazifuna kwambiri. Motero mwana wochepa magazi, kapena amene wakhala ndi njala kuyambira m'mawa, amayamwa mtovu wochuluka kuposa mnzake wokhuta, ngakhale onse akusewera pabwalo limodzi. Ichi chimandipweteka mtima, chifukwa chimatanthauza kuti mwana wa m'banja losauka amavulala kawiri.

Mtovu ukalowa m'magazi umafika ku ubongo umene ukadakula, n'kusokoneza mmene mitsempha imalumikizirana. Zimene zawonongeka kumeneko sizibwerera. Wina umakakhazikika m'mafupa kwa zaka makumi, ndipo mtsikana amene anaumeza ali mwana amatha kudzaupatsira mwana wake ali m'mimba, chifukwa pa nthawi ya pakati mafupa amatulutsa kashiamu pamodzi ndi mtovu umene anasunga.

Palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wabwino. WHO imalangiza kuti mwana akapezeka ndi mamaikirogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi (maikirogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu, ndipo desilita ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a lita), afufuze kumene mtovuwo ukuchokera ndi kuuchotsa. Mu 2020 UNICEF ndi bungwe la Pure Earth anayerekezera kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, ana pafupifupi 800 miliyoni, ali pa mlingo umenewu kapena kupitirira.

Amene akufuna kuona kuopsa kwa fumbi ayang'ane ku Kabwe, m'dziko la Zambia. Mgodi wa mtovu ndi zinki kumeneko unagwira ntchito kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka 1994. Unatsekedwa, koma phiri la zinyalala zake linatsala, ndipo mphepo imauluzira fumbi lake m'makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Ofufuza a ku University of Zambia ndi anzawo a ku Hokkaido University ya ku Japan anayeza ana a m'makomboniwa n'kupeza ambiri atapitirira mamaikirogalamu 45, mlingo umene madokotala amayamba kuganiza zopereka mankhwala okoka mtovu m'magazi. Ana amenewa anabadwa mgodi utatsekedwa kale. Sanalowepo m'fakitale. Anangosewera pakhomo pa makolo awo. Ndipo mankhwala aja amathandiza pang'ono chabe ngati mwana akubwerera kukagona m'fumbi lomwelo.

Wina anganene kuti kwathu kulibe mgodi wa mtovu. N'zoona kwa ambiri a ife, koma mtovu uli ndi njira zina zofikira pakhomo.

Yoyamba ndi penti wamafuta, makamaka wachikasu, wofiira ndi wobiriwira, amene timapaka pa zitseko, mawindo, mipando ndi makoma a sukulu zamkaka. Akadali wosalala savuta kwambiri. Akayamba kusuwa, kapena mmisiri akamupala ndi sandipepa kuti apake wina, amasanduka fumbi. Tizibenthu take timakoma pang'ono m'kamwa, n'chifukwa chake ana ena amatitola n'kumatafuna. Cha m'ma 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wogulitsidwa m'Malawi n'kupeza mtovu wambiri m'mitundu ingapo, ndipo Malawi Bureau of Standards inayamba kutsata nkhaniyi ndi opanga penti. Ndi ntchito yoyamikirika, komabe penti amene anapakidwa kale akadali pamakoma.

Yachiwiri, imene ndimaiona kuti sitiilabadira mokwanira, ndi mabatire. Magetsi a sola afika m'midzi yambiri, ndipo nyumba zochuluka tsopano zili ndi batire pakona. Batire yosang'ambika sivulaza mwana. Ngozi imabwera ikatha ntchito, pamene wina aiswa pakhomo kuti aikonze kapena asungunule mtovu wake, mwina kuti apange zolemeretsa maukonde. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira chakumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008 chifukwa mabanja ankasefa dothi la pamalo oswera mabatire n'kumasunga m'nyumba kuti agulitse. Bambo wokonza mabatire amathanso kubweretsa fumbili pa zovala ndi nsapato, mwana n'kumuthamangira kudzamukumbatira.

Palinso mapoto osungunula kuchokera ku zitsulo zakutha. Ngati m'zosungunulazo munalowa ziwalo za injini kapena zidutswa za batire, mtovu umatha kutuluka pophika, makamaka ndiwo zowawasa monga za matimati ambiri. Amayi oyembekezera amene amalakalaka dothi adziwenso kuti dothi lina limakhala ndi mtovu, ndipo chilakolakocho nthawi zambiri chimasonyeza kuchepa kwa magazi, nkhani yofunika kuinena kusikelo.

Pakhomo pali zimene zingatheke. Kusesa pouma kumangouluza fumbi kuti litere pa mbale ndi pamphasa, choncho wazani madzi musanasese, ndipo pasimenti kolopani ndi nsalu yonyowa. Musambitseni mwana m'manja ndi sopo asanadye chilichonse, ngakhale chitumbuwa. Asapite kosewera m'mimba muli pululu. Phala la m'mawa limamuteteza. Usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga yake, nyemba, bonongwe ndi chisoso zimapatsa thupi kashiamu ndi ayironi. Pamene mukupala penti wakale, ana ndi amayi oyembekezera achoke kaye, ndipo muzinyowetsa popalapo. Wogwira ntchito ya mabatire, yowotcherera kapena yopenta asinthe zovala ndi kusamba asananyamule mwana, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha.

Koma sindikufuna kuti katundu yenseyu asenzedwe mayi ndi tsache lake. Mtovu unkathiridwa m'petulo kwa zaka zambiri, ndipo maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anausiya pofika 2006, pamene Algeria, dziko lomaliza padziko lonse, inasiya mu 2021. Zimenezi zinatheka ndi lamulo, ndipo penti ndi mabatire zikufunanso lamulo lotsatidwa: malo odziwika obwezako mabatire akutha, ndi kuyeza penti m'masitolo nthawi ndi nthawi. Zipatala zathu zikufunikanso zida zoyezera mtovu m'magazi. Pakadali pano, ngati mumakhala pafupi ndi malo oswera mabatire kapena osungunulira zitsulo, ndipo mwana wanu amadandaula m'mimba kawirikawiri, amadzimbidwa, wachepa magazi popanda malungo kapena akuchedwa kulankhula, auzeni adokotala za malo amene mumakhala ndi ntchito imene imagwiridwa pakhomo panu.